Mbiri ya Njira ndi Nyumba za Apaulendo pa Phiri la Mulanje

Munthu wochokera ku Limbe pa msewu wodzera ku Thyolo, akangopitirira pa Luchenza m'mamawa wa mwezi wa June, pamene nkhungu yagona pa minda ngati thonje loyanika pamphasa, amaona patsogolo pake phiri looneka ngati lopanda tsinde, nsonga zake zitaima pamwamba pa mitambo, ndipo ngakhale akhale munthu amene waliona kuyambira ubwana wake, mtima wake umayamba wati zii. Limeneli ndilo phiri la Mulanje, limene nsonga yake yaitali, Sapitwa, idakwera mamita 3,002, ndipo palibe ina yoiposa m'Malawi monse ngakhalenso m'maiko a Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique. Ambiri a ife timalidziwa chapatali chotere, monga mmene mwana amadziwira mfumu ya dera lake, kuiona ikudutsa koma osakhala nayo pa mkeka umodzi. Ndi owerengeka okha amene amadziwa kuti pamwamba pa makoma amiyala amenewo pali dziko lina la zidikha zaudzu, timitsinje tozizira ndi njira zopita kutali, ndi kuti m'mbali mwa njirazo muli nyumba khumi zamatabwa, zotalikirana ulendo wa maola atatu, anayi kapena asanu, mmene wapaulendo angathe kugona lero muno, mawa umo, kufikira atatha sabata yathunthu osatsikira kumudzi. Mbiri ya njira ndi nyumba zimenezi ndiyo ndifuna kuilongosola pano, pakuti sizidamere zokha ngati bowa, ndipo amene adazilambula ndi kuzisenza pamitu yawo maina awo sadalembedwe pa mwala uliwonse.

Eni phiri

Phirili ndi lakale koposa mtundu uliwonse wa anthu. Akatswiri a miyala amati thanthwe lake lidaumbika pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, ndipo pamene mvula ndi mphepo zidakokolola dothi lofewa lolizungulira, ilo lidatsala chiimire, lotambalala makilomita oposa 20 uku ndi uku, lili ndi nsonga makumi awiri zopitirira mamita 2,500. Anthu oyamba amene makolo athu amawakumbukira pa phirili ndi Akafula, amene ena amawatcha Abatwa, anthu aafupi msinkhu, alenje odziwa uta ndi uchi, amene adapatsidwa dzina loti Amwandionerapati chifukwa cha funso limene ankafunsa mlendo aliyense wokumana naye m'thengo. Woyankha mwanzeru, kuti adawaonera kutali, ankapita mwamtendere. Pambuyo pawo adadza Amang'anja, nakhala m'mphepete mwa Ruo, Thuchila ndi Phalombe. M'zaka za m'ma 1800 kudafika Ayao ndi mafumu awo, monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu. Ndipo chakumapeto kwa zaka zomwezo ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900 Alomwe adaoloka malire mwaunyinji kuchokera ku dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, kuthawa nkhanza ndi njala, nadzapeza malo ndi ntchito patsinde pa phiri.

Mitundu yonseyi, ngakhale idasiyana chilankhulo ndi miyambo, idagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti phirili lili ndi eni ake osaoneka ndi maso. Nchifukwa chake nsonga yaikulu idatchedwa Sapitwa, ndiye kuti malo amene munthu safikako. Nchifukwa chakenso pa Dziwe la Nkhalamba, pamene mtsinje wa Likhubula umagwera m'thamanda lakuya, anthu ankathira nsembe popempha mvula. Akuluakulu amasimba kufikira lero kuti munthu woyenda yekha m'phirimo atha kupeza chakudya chokonzedwa bwino, nsima yotentha kapena mkoko wa nthochi zakupsa, ndipo lamulo lake ndi lakuti adye mwakachetechete, asaitane mnzake, asatengeko kanthu kupita nako kwawo, pakuti wophwanya lamuloli njira imamsokonekera. Wina anganene kuti zimenezi ndi nthano za kumphala. Koma wolingalira bwino adzaona kuti m'kati mwa nthanoyo muli chiphunzitso chimene chidasunga phirili kwa mibadwo yambiri, chakuti wokwera kumeneko ndi mlendo m'nyumba ya eni, ndipo mlendo amadya chimene wapatsidwa, sakokolola nkhokwe.

Tisaganize tsono kuti chifukwa cha mantha amenewa anthu sankakwera konse. Alenje, ofula njuchi, asing'anga ofuna mankhwala, ndi othawa nkhondo pa nthawi imene malonda a akapolo adasautsa dziko, onsewa ankadziwa mipata yolowera, miyala yodumphira pamitsinje ndi mapanga obisalamo mvula. Njira zoyamba za pa Mulanje zidapondedwa ndi mapazi a anthu amenewa.

Kufika kwa alendo ndi mtengo wa mkungudza

M'chaka cha 1859 David Livingstone, ali pa ulendo umene adafika nawo ku nyanja ya Chilwa, adaliona phirili patali nalilemba m'mabuku ake, koma sadakwere. Padapita zaka zoposa makumi atatu kuti boma la Angerezi likhazikike, ndipo litakhazikika mu 1891, lidapeza kuti pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi pali mpata umene magulu a akapolo ankadzera popita kunyanja yamchere ku Quelimane. Pamenepo mu 1893 lidamangapo linga lotchedwa Fort Lister, ndi lina kummwera lotchedwa Fort Anderson, ndipo pofika 1895 mphamvu ya Matipwiri idathyoledwa, njira ya akapolo nitsekeka. Mabwinja a Fort Lister alipo kufikira lero, pamalo pomwe apaulendo ambiri amatsikira potsiriza ulendo wawo, mwina osadziwa kuti akuponda pamene ana a anthu adadutsa ali m'magoli. M'zaka zomwezo amishoni a ku Scotland adakhazika mishoni patsinde pa phiri, ndipo mlimi wina, Henry Brown, adabzala tiyi pa munda wa Thornwood mu 1891, chiyambi cha minda yobiriwira imene yazinga phirili kummwera.

Koma chimene chidakokera anthu pamwamba penipeni udali mtengo. M'chaka cha 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene adatumidwa ndi Harry Johnston, mkulu wa boma la Angerezi lija, adakwera phirili napeza m'zigwa zake nkhalango za mitengo ikuluikulu yoongoka, ina yotalika mamita 40, ya fungo lokoma, imene matabwa ake chiswe sichiwadya ndipo madzi sawaoletsa msanga. Ife timautcha mkungudza, dzina lomwelo limene omasulira Buku Lopatulika adapatsa mitengo ya ku Lebano imene Solomo adamangira Kachisi. Akatswiri a ku London adautcha Widdringtonia whytei, kukumbukira Whyte. Mtengo umenewu sumera wokha pena paliponse pa dziko lapansi koma pa Mulanje pokha. Mbiri yake itamveka, boma lidayamba kuucheka kuti limangire nyumba zake ku Zomba ndi kwina, ndipo pambuyo pake udafunidwa pa madenga, zitseko, mabokosi ndi mabwato a kunyanja.

Apa ndi pamene padayambira ntchito yowawa imene idakumba njira zimene tikuyendamo lero. Pamwamba pa phiri sipafika ngolo kapena galimoto. Choncho mtengo ukagwetsedwa, ankaugoneka pa thandala la mitengo pamwamba pa dzenje, amuna awiri nagwira sowo yaitali, wina pamwamba wina pansi utuchi ukumgwera m'maso, kuyambira m'bandakucha kufikira dzuwa litapendeka. Matabwa akachekedwa, ena ankawasenza pamutu pa nkhata yaudzu, natsika nawo mitsetse imene munthu wopanda katundu amatsika chokhala pansi, mapazi ali osavala, thabwa lotalika kuposa mwini wake kawiri likugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, iwo akuthamanga pang'onopang'ono kuti katundu asawalemere pakhosi. Pambuyo pake kudamangidwa chingwe chachitsulo chotsitsira matabwa kuchokera ku Chambe kupita ku Likhubula, ndipo njira yotsata chingwecho idatchedwa Skyline. Koma m'zigwa zina zonse mutu wa munthu udakhalabe ngolo yokhayo. Aliyense woponda pa miyala yosalala ya m'njira zimenezi adziwe kuti idasalala ndi zidendene za anthu osauka ofuna ndalama za msonkho ndi mchere.

Mmene nyumbazo zidamangidwira

Nyumba zoyamba zidamangidwa pa zifukwa ziwiri. Amishoni, amene ambiri a iwo adataya abale awo ndi malungo m'zigwa zotentha, adafuna malo ozizira opumulirako, namanga kanyumba pa chidikha cha Lichenya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kamene lero kali m'manja mwa mpingo wa CCAP. Boma nalo lidafuna pogona pa akuluakulu ake oyang'anira kucheka mitengo ndi kuteteza nkhalango ku moto wolusa, ndipo nyumba ya ku Thuchila ndi imodzi mwa zakale koposa za mtundu umenewu. Mu 1927 phiri lonse lidalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo m'kupita kwa zaka nyumba zidaonjezeka, iliyonse pa chigwa chake: Chambe, Lichenya, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu. Ya ku Chisepo, imene ili patsinde pa Sapitwa, ndi ya masiku ano, yomangidwa kuti okwera nsongayo agone pafupi. Zambiri mwa izo zidamangidwa ndi mkungudza womwewo, kotero kuti wolowamo amalandiridwa ndi fungo lake asanalandiridwe ndi munthu. Ndipo malata, misomali, magalasi a mawindo ndi zitsulo zonse zidakwera phirilo pamitu ya anthu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nyumba ina yaing'ono ya ku Chambe ili ndi mbiri yachisoni. M'chaka cha 1949 mlembi wa ku South Africa, Laurens van der Post, adatumidwa ndi Angerezi kudzayendera phirili, ndipo adatsagana ndi mnyamata woyang'anira nkhalango dzina lake Fred France, amene ankakhala ku Chambe ndi mkazi wake ndi khanda lawo. Ali m'kati mwa ulendo chiperoni, mphepo yachinyezi yodza ndi nkhungu, chidawatsekereza, mvula idagwa masiku osalekeza, ndipo pofuna kuoloka mtsinje wodzaza pamwamba pa chigwa cha Ruo, France adakokoledwa ndi madzi nagwera ku mathithi. Van der Post adalemba za ulendowo m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior, mmene adasintha dzina la malemuyo, ndipo bukulo lidamveketsa Mulanje m'maiko akutali. Nyumba imene banjalo linkakhalamo imatchedwa France's Cottage mpaka lero. Nkoyenera kuti dzina la mnyamatayo likumbukike. Koma pokumbukira iye tikumbukirenso amtengatenga amene adali naye pa tsikulo, ozizidwa m'nsalu zawo zonyowa, ndi ena osawerengeka amene adaterereka ndi matabwa m'zaka zonsezo, amene maliro awo adalira ndi akumudzi kwawo okha.

M'chaka cha 1952 okonda kukwera mapiri adayambitsa bungwe lawo, limene lero limatchedwa Mountain Club of Malawi. Iwo adagwirizana ndi a zankhalango kuti nyumbazo zitsegukire aliyense woyenda ulendo wokaona phiri, naikamo zogonera, miphika, mbale ndi nyali, nalemba njira pa mapu, napaka zizindikiro zautoto pa miyala pamene njira imasowa. Kuyambira pamenepo nyumba zimene zidamangidwira ntchito ya matabwa zidasanduka mikanda ya pa chingwe chimodzi, ndipo mwambo woyenda kuchokera ku nyumba ina kupita ku inzake udakhazikika. Nzoona kuti pa masiku a atsamunda oyenda ulendo wotere adali Azungu, Amalawi ali osenza katundu ndi ophika. Koma dziko litalandira ufulu mu 1964, pang'onopang'ono ana asukulu, achinyamata a mipingo ndi anthu apantchito a ku Blantyre ndi ku Lilongwe adayamba kukwera nawo, ndipo m'mabuku a alendo osungidwa m'nyumbazo maina a kwathu kuno akuchulukirachulukira.

Ulendo wake

Ambiri amayambira pa Likhubula, kumadzulo kwa phiri, pamene pali ofesi ya zankhalango ndipo otsogolera alendo ndi amtengatenga amadikira nthawi yawo mwa dongosolo la bungwe lawo. Tsiku loyamba ndilo loyesa mtima, pakuti munthu amakwera mamita oposa 1,000 m'maola atatu kapena anayi, kaya pa Skyline pamene dzuwa limamuotcha pamsana, kaya pa njira ya Chapaluka imene imatsata mtsinje m'mithunzi ya mitengo. Wothamanga amatopa asanafike pakati, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo otsogolera amene adabadwira patsinde pa phirili amayenda ndi phazi limodzimodzi losasintha, osafulumira pokwera, osathamanga potsika. Mwadzidzidzi chitunda chimatha, mphepo yozizira imakumenya kumaso, ndipo chigwa cha Chambe chimatambasuka patsogolo, chili ndi nsonga ya Chambe imene khoma lake lakumadzulo, lotalika mamita pafupifupi 1,700, limatchuka pakati pa okwera miyala ndi zingwe kuti ndi limodzi mwa makoma aatali koposa mu Afirika.

Pakhomo pa nyumba wapaulendo amati, "Odi kuno!" ndipo mlonda, amene kawirikawiri amakhala bambo wachikulire wovala chikhoti chokhuthala, amatuluka m'kanyumba kake nati, "Lowani, bambo, takulandirani. Mwayenda bwanji m'njiramu?" Asanamalize kuyankha, nkhuni zayamba kale kuthetheka ndipo ndowa ya madzi osamba ili pamoto. Udindo wa alonda amenewa ndi wakale ngati nyumba zomwezo. Amakhala kumeneko masabata, kutali ndi mabanja awo, m'nyengo imene madzi amaundana m'ndowa usiku wa June ndi July. Amadziwa mlendo amene wadutsa ndi kumene walowera, ndipo pamene wina wasochera, uthenga woyamba umachokera kwa iwo. Usiku onse amakhala mozungulira moto umodzi, mphunzitsi wa ku Zomba, dokotala wa ku Ulaya ndi mnyamata wa ku Nessa amene wasenza chikwama chake, nsima ikuphikidwa pambali pa mpunga, ndipo kumeneko, kumene kulibe magetsi kapena sitolo, ulemu wa munthu umayezedwa ndi mmene amagawira mnzake malo pamoto.

Tsiku lachiwiri njira imadutsa pa zitunda zopapatiza, phompho uku phompho uko, kufikira ku Chisepo. Ndipo ofuna Sapitwa amadzuka nkhuku zisanalire, ngakhale kumeneko kulibe nkhuku, nakwera pa matanthwe otsetsereka, kukwawa pansi pa miyala ikuluikulu ngati nyumba ndi kupyola m'timitengo tokhotakhota tovala ndere, kufikira ataima pamwamba, pamene tsiku lowala munthu amaona nyanja ya Chilwa kumpoto ndi mapiri a ku Mozambique kummawa. Kuchokera pamenepo ulendo umapitirira ku Thuchila, pamene dzuwa limalowa mochititsa kaso pamwamba pa chigwa cha Phalombe; kenaka ku Chinzama, pakati pa udzu ndi miyala; kenaka ku Sombani, pansi pa nsonga ya Namasile; ndipo potsiriza kutsikira ku Fort Lister. Ena amakhotera kummwera, ku Madzeka ndi ku Minunu, natsikira ku minda ya tiyi ya Lujeri m'mbali mwa chigwa cha Ruo. Enanso amazungulira ku Lichenya nabwerera ku Likhubula. Njira iliyonse imene munthu angasankhe, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi amamuphunzitsa kuti zofunika pa moyo ndi zochepa: madzi, moto, chofunda, ndi mnzako wodziwa njira.

Wodziwa njirayo asanyozedwe. Chiperoni, mphepo yachinyezi imene idatenga dzina lake ku phiri la Chiperone ku Mozambique, chimatha kufika masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo m'kanthawi kochepa munthu saonanso dzanja lake lomwe. M'chaka cha 2003 mtsikana wa ku Netherlands adakwera yekha kulowera ku Sapitwa ndipo sadapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, amene adabweza womutsogolera kuti atsirize yekha, adapezeka atamwalira ndi kuzizira patapita masabata. Okhulupirira mizimu adanena zawo, odziwa za nyengo adanenanso zawo, koma onse adafika pa mawu amodzi amene makolo adasiya, akuti safunsa adadya phula.

Amtengatenga a pa Mulanje, amene kwa zaka zambiri adayenda kumbuyo kwa alendo, ali ndi tsiku lawo loyenda patsogolo. Chaka ndi chaka, m'nyengo yachisanu, pamachitika mpikisano wothamanga wotchedwa Porters Race, umene udayamba ngati wa iwo okha koma tsopano umalandira amuna ndi akazi ochokera kulikonse. Othamanga amachoka pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso, mtunda wa makilomita oposa 20 umene mlendo amauyenda masiku awiri kapena atatu. Ndipo opambana amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa, ena a iwo ali chosavala nsapato. Woona zimenezi amazindikira kuti mphamvu imene idatsitsa matabwa a Zomba ikadali m'miyendo ya zidzukulu.

Chitsime chikaphwa

Tsono tifike pa mbali yowawa ya mbiriyi. Mu 1984 mkungudza wa pa Mulanje udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi, koma ulemu wa pa pepala sudautchinjirize ku nkhwangwa. Adani ake adali ambiri. Mitengo ya paini ya ku Mexico, imene a zankhalango adabzala ku Chambe ndi kwina, idafalikira yokha nilanda malo. M'zaka za m'ma 1980 kudabuka nsabwe za mitengo zochokera kunja zimene zidaumitsa mikungudza yambiri. Moto wa osaka nyama unkapsereza mbande chaka chilichonse. Lamulo linkalola kucheka mitengo youma yokha, ndipo anthu ena osaopa adaphunzira kusenda makungwa a mtengo wamoyo kuti uume, adzaucheke mwa chilolezo chaka chamawa. Potsiriza ngakhale chilolezocho adaleka kuchifuna, popeza ogula a ndalama zambiri ankadikira m'tauni ndi kunja, ndipo mnyamata wopanda munda wokwanira patsinde pa phiri sakadakana. Pamene akatswiri adayendera phiri lonse mu 2017, adapeza mikungudza ikuluikulu yamoyo isanu ndi iwiri yokha. Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa: lero woyenda kuchokera ku Thuchila kupita ku Sombani amadutsa pakati pa zitsa zotuwa ndi maenje a ocheka, ndipo fungo la mkungudza amalimva m'makoma a nyumba zogonamo koposa m'nkhalango.

Nkhaniyi ikukhudza ngakhale amene sadzakwera phirili moyo wawo wonse. Mulanje ndi mtsuko wa madzi wa chigawo chonse: Ruo, Likhubula, Thuchila, Lichenya, Phalombe, Sombani ndi Muloza zonse zimatumphuka kumeneko, kuthirira tiyi, kudzaza mipope ya m'midzi, ndipo masiku ano madzi a Likhubula amafika ndi ku Blantyre komwe. Phiri likavulidwa chovala chake, madzi amene ankatsika pang'onopang'ono chaka chonse amatsika tsiku limodzi pamodzi ndi miyala. Anthu a ku Phalombe sadzaiwala mwezi wa March 1991, pamene Napolo, chigumula cha madzi, matope ndi miyala, adatsika ku Michesi nakokolola midzi ndi anthu mazanamazana; ndipo m'mwezi womwewo wa 2023 namondwe wa Freddy adang'amba mapiri a Mulanje ndi Phalombe, nasiya zipsera zimene zikuonekabe pa makoma ake ndi m'mitima ya amasiye. Mvula yotere ingagumule ngakhale phiri la nkhalango yosakhudzidwa. Koma pamene mizu idachoka, chionongeko chimafika patali. Palinso miyala ya bauxite imene idapezeka pa chidikha cha Lichenya mu 1924, imene mibadwo ya amalonda yakhala ikuilakalaka, ndipo anthu a m'munsi akhala akufunsa mwanzeru kuti, chidikhacho chikakumbidwa, madzi awo adzamwa kuti.

Komabe chiyembekezo sichidathe. M'chaka cha 2000 bungwe la UNESCO lidaika phirili m'gulu la malo osungirako zachilengedwe a dziko lonse, ndipo m'nyengo yomweyo kudakhazikitsidwa bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, limene lakhala likulambula njira zotchinga moto, kuzula paini wolowerera ndi kukonza nyumba za apaulendo. Mbewu za mkungudza zidapezeka ku mitengo imene idabzalidwa kale pa phiri la Zomba, ndipo magulu a m'midzi yozungulira, ambiri mwa iwo amayi, adafesa mbande zikwi mazanamazana m'manazale awo. Mbandezo zidakwera phiri pamitu, m'njira zomwe zija matabwa adatsikira, ndipo osenza ake ndi ana ndi zidzukulu za ocheka aja. Madzi saiwala khwawa, koma ulendo uno akuyenda chokwera. Mu July 2025 UNESCO idalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chifukwa chimene idapereka ndi ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe akhala akupereka kwa phirili monga mokhalamo mizimu ya makolo. Chimene ena ankachiyesa nthano za kumphala ndicho chaimika Mulanje pamaso pa mitundu ya anthu.

Mkungudza ndi mtengo wosafulumira, ndipo amene akubzala lero akudziwa kuti sadzakhala pa mthunzi wake; akuchita zimenezi monga munthu wobweza ngongole ya atate ake. Ngongoleyo ndi yathu tonse, pakuti matabwa aja adafolera maofesi a boma lathu, matchalitchi athu ndi nyumba zathu. Chifukwa chake, owerenga anzanga, amene Mulungu wakupatsani miyendo yolimba, musafe musanagone usiku umodzi ku Chambe kapena ku Thuchila. Pitani m'miyezi ya May kufikira October pamene mitsinje yaphwera, tengani chofunda chokwanira ndi kamba wa paulendo, tengani wotsogolera wa konko ndipo mumlipire mosanyinyirika, patsani moni mlonda monga mupatsira mwini mudzi, ndipo zinyalala zanu mutsike nazo. Wokugulitsani thabwa kapena bokosi la mkungudza mumkane, ngakhale fungo lake likome chotani. Mukatero mudzakhala mwasunga lamulo lakale la eni phiri, lakuti mlendo adye chimene wapatsidwa ndi kusiya nkhokwe ili yodzaza, kuti ana athu adzapeze njira zili zolambula, moto uli woyaka m'nyumba khumi zija, ndi mikungudza itaimanso m'zigwa za Mulanje.